Chaka Chimene Ng'ombe za ku Kamphinda Zinatafuna Mafupa

Ana anga, ndikudziwa kuti mumandiseka. Ndikakuletsani kutentha mapesi mumatsinana, ndipo tsiku lina ndinamva Rozita akunong'oneza mlamu wake kuti, "Madalawa akadzafa tidzawaike m'bokosi la mapesi." Sindikwiya. Dzina loti Senyoro Mapesi, ndiko kuti Bambo Mapesi, ndinalisenza zaka zonse za ntchito yanga, kuyambira ku Nsadzo mpaka ku Mualadzi, ndipo silinandithyole khosi. Koma pano ndili pa reforoma, ntchito ndinapuma, mawondo akana njinga, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembereni kumene dzinali linachokera. Za ubwana wanga ndizisiya. Ndinkaweta mbuzi ngati mwana wina aliyense, palibe chachilendo pamenepo.

Nsadzo, nkhondo itangotha

Ntchito ya utekiniko wa ziweto ndinaiyambira ku Nsadzo. Ndinatuluka ku maphunziro ku Tete mutu utadzaza ndi mayina a matenda, koma chimene boma linandipatsa ndi njinga, siringa imodzi yachitsulo yobayira ng'ombe, ndi bokosi la mankhwala lopanda mankhwala. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa posito, ofesi yathu ya boma, kamene malata ake anali ndi mabowo a zipolopolo, moti mvula ikabwera ndinkasamba mosafuna. Sindinadandaule kwambiri, chifukwa anthu amene ndinkawatumikira analibe ngakhale malata obookawo.

Inali nthawi imene anthu ankabwerera kuchokera kothawa nkhondo. Ankalowera pa chipata cha malire cha Cassacatiza ndi ngolo, mphasa, mapoto, ndi ana obadwira ku Zambia amene ankatitchula ife eni dziko kuti "a ku Mozambiki." Ena anabwera ndi ng'ombe. Ng'ombezo zinafika zonenepa, zosalala msana, chifukwa kumene zinachokera zinkadya gaga ndi zotsalira za thonje. Ndikaziona zikutsika ndi msewu mtima wanga unkakhala pansi, ndinkati dziko layambanso kupuma.

Mkulu wanga anali a Shefi Kumbane, amene ankakhala ku likulu la distirito. Anali munthu wa kumwera, ndipo Chinyanja chawo chonse chinali mawu awiri, "muli bwanji" ndi "fulumirani." Musawaganizire zoipa. Anali munthu woona mtima, sankadya za anthu, koma kwawo anaona ndi maso khola la bambo awo likutha ndi mliri, ndiye mantha a matenda anawalowa m'mafupa. Ankakonda kunena kuti ng'ombe yokayikitsa ndi ng'ombe yakufa kale. Ine ndinali mnyamata wamakani, ndipo kuyambira tsiku loyamba ndinadziwa kuti ine ndi iwo tidzagundana mitu.

Kamphinda, chilimwe chachiwiri

Kamphinda ndi mudzi wa kuseri kwa Nsadzo, ulendo wa m'mawa wonse panjinga. Anthu ake atabwerera sanamange pamalo akale. Anasuntha n'kukamanga tsidya la mtsinje, pakuti pabwinja lija ndi pamene nkhondo inawapeza, ndipo amene anafa tsiku lothawalo sanaikidwe. Ochotsa mabomba okwirira anali atapitamo kale n'kunena kuti pabwinjapo palibe choopsa, komabe munthu sankapondapo. Ng'ombe zokha, zimene sizidziwa mbiri, ndizo zinkapita kukadya kumeneko.

Chilimwe chimenecho ng'ombe za pamudzipo zinasintha. Zinaonda mpaka nthiti kuwerengeka, zinkayenda mopepuka ngati zikuponda minga, ndipo zazikazi zinasiya kutenga bere. Kenako zinayamba kutafuna zinthu zosadyedwa: nsanza, mitengo ya khola, miyala. Pamapeto pake zinayamba mafupa. Zingapo zinagwa, miyendo kufooka, lilime panja, dovu kuchucha, n'kufa.

Amene anabwera kudzanditenga anali mayi wina wamasiye, a Naphiri. Anayenda wapansi kuchokera ku Kamphinda ndipo anandipeza ndikumata tayala. Amuna awo, a Banda, anali mmodzi wa amene anatsala pabwinja paja. Mayiyu analera ana okha ku Zambia, n'kubwerako ndi ng'ombe imodzi yaikazi, yofiira, imene anaipatsa dzina loti Tabwera. Ng'ombeyo ndiyo inali khasu lawo, ndiyonso inali ndiwo ya ana awo.

"A Tekiniko," anatero atagwada pambali pa njinga, "akufuna kundiphera ng'ombe."

"Ndani, mayi?"

"Mudzi wonse. Tabwera anamupeza kubwinja ali ndi fupa m'kamwa. Ndinamulanda ndi manja angawa. Akuti akudya akufa athu. Mkaka wake ndikukama n'kutaya pansi, ana akuyang'ana."

Nditafika kumudziko sindinayambire kukhola. Ndinapita kuminda. Dothi la tsidya limene anasamukirako linali lamchenga, lotuwa, ndipo chimanga chimene chinatulukamo chinali ndi mapesi owonda, a masamba ofiirira m'mbali. Kumaphunziro anatiuza kuti chimanga chotere chikulira fosiforo, mchere wa m'nthaka umene umamanga mafupa. Nkhani yake ndi yachidule: chimene nthaka ilibe, phesi lilibe, ndipo chimene phesi lilibe, ng'ombe ilibenso. Ndiye ng'ombe imachifuna kumene ingachipeze, ndipo fupa ndi nkhokwe ya mcherewo. Tsoka lake n'lakuti m'mafupa owola mumakhala poizoni amene amafoola miyendo, ndiye ng'ombe imafa ndi chinthu chomwe imati chiipulumutse. Pamwamba pa izo, mapesi ochepa omwewo anyamata anali atayamba kuwatentha posaka mbewa, ndipo masangwi a mtedza, amene ali ndi chakudya chochuluka kuposa mapesi, ankangowolera m'munda.

Ndinafunsa ngati ng'ombe za kale zinkachitanso zimenezi. A Naphiri anapukusa mutu. Anati nkhondo isanabwere, chilimwe chilichonse amuna awo ankasonkhanitsa ng'ombe za mudzi wonse n'kupita nazo ku dambo lina la kuseri kwa phiri, kumene zinkanyambita dothi lamchere mpaka kukhuta. Inali ntchito yawo a Banda, ndipo ankaikonda. Koma tsopano njira ya kudamboko inali ndi miyala yopakidwa utoto wofiira, chizindikiro choti mabomba akadalimo.

Ndinatapa dothi la m'minda, ndinadula mapesi, ndinamanga m'thumba n'kutumiza ku likulu kuti zikayezedwe ku laboratoriyo. Ndinalembanso zonse zimene ndinaona, osabisa za ng'ombe zakufa.

Ku likulu, mwezi womwewo

Yankho la a Shefi linabwera msanga kuposa mmene ndinkaganizira: ng'ombe zonse zotafuna mafupa ziphedwe, zitenthedwe, ndipo ine ndiyang'anire ntchitoyo. Iwo ankaganiza kuti ndi chiwewe kapena mliri wina woopsa. Ndinakwera njinga kupita ku likulu, ndipo chinthu choyamba chimene ndinaona pofika chinali thumba langa la dothi. Analiika pansi kuti litchinge chitseko cha ofesi chisamatsekeke ndi mphepo. Galimoto yopita ku Tete inalibe mafuta, ndiye thumbalo linapeza ntchito ina.

Tinayankhula m'Chipwitikizi, ine chiimire.

"A Shefi, ng'ombe zija sizikudwala. Zili ndi njala ya mchere wa m'nthaka."

"Umboni uli kuti?"

"Uli pachitseko apo, mukuupondaponda."

Sanaseke. Anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Mbewe, ukudziwa chimene mliri umachita? Ukalakwitsa, si Kamphinda yekha. Ndi Nsadzo yense, mpaka kumalire."

"Nanga inu mukalakwitsa, a Shefi? Anthu aja anathawa opanda kanthu, abwerako ndi ng'ombe. Tikawaphera, abwerera ku Zambia ndipo ulendo uno sadzabweranso."

"Ndi lamulo."

Apa ndi pamene ndinapanga chosankha chovuta kwambiri pa ntchito yanga. Mayi wanu anali ndi pakati pa Jasinto, ndipo ine ndinalibe munda ngakhale nkhuku. Ntchito imeneyo ndiyo inali zonse. Koma ndinaona nkhope ya a Naphiri atagwada pambali pa njinga, ndipo pakamwa panga panayankha ndisanapalole. Ndinati, "Sindikazipha. Ndikukuuzani pamaso kuti musamve kwa wina. Ndipatseni nthawi mpaka mvula isanagwe. Mudziwo ndiutseka, ng'ombe siituluka kapena kulowa. Zikapanda kusintha, siringa yanu ndi njinga ndidzabweretsa ndekha."

A Shefi anamenya tebulo. Pomaliza anati abwera okha ku Kamphinda mitambo ikayamba kusonkhana, ndipo abwera ndi wapolisi wamfuti. Ngati adzapeze ng'ombe imodzi yokha ikutafuna fupa, zonse zidzagona pansi tsiku lomwelo, ndipo ine ndidzatsagana nazo pa ulova. Potuluka ndinalumpha thumba langa mwaulemu.

Kamphinda, masiku otsatira

Ndinkaganiza kuti phiri lalikulu ndi a Shefi, koma lalikulu linali kumudzi. Anthu ambiri a ku Kamphinda anali a mpingo wa Ziyoni, ndipo mtsogoleri wawo anali abusa a Mwale, bambo wamtali wandevu, wa mkanjo woyera ndi ndodo. Iwo ndiwo anagwira mudziwo pamodzi kothawa nkhondo kuja, ndiye mawu awo ankalemera. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, mudzi wonse utatizungulira.

"A Tekiniko," anatero, "ng'ombe imadya udzu. Ikayamba kudya anthu, si ng'ombenso. Zadetsedwa zimenezi."

"Abusa, ndifunseko. Mayi woyembekezera akamaswa dothi la pachulu n'kumadya, mumati walodzedwa?"

Amayi anaseka chobisa nkhope m'zitenje. Abusa anati, "Ayi, limenelo ndi thupi likufuna."

"Ndiye taonani ng'ombe zimene zikulimbikira mafupa. Si zoyamwitsa ndi zabere? Nkhunzi zikutafuna ngati zimenezi?"

Anthu anayamba kung'ung'udza, ena kuwerenga zala. Zinali zoona. Koma abusa sanali munthu wogwa ndi mphepo yoyamba. Anagogoda ndodo pansi n'kunena kuti, "Mwayankhula bwino, mwana wanga. Koma dothi la pachulu si fupa la mbale wako. Kuthengo uko kuli mlongo wanga. Kuli bambo a ana awa. Inu mukuti tizimwa mkaka wa ng'ombe imene ikuyenda pa iwo n'kumawatola?"

 Ndinangonena chimene chinali pamtima. "Ndiye tiyeni tikawachotseko, abusa. Agona pamtunda nthawi yaitali. Ng'ombe zikuwapeza chifukwa ife sitinawapeze."

 Ndinaona kuti ndaponda pachilonda cha mudzi wonse, ndipo ndinachita mantha kuti andithamangitsa. Mkulu wina anayamba kulira mosatulutsa mawu. Kenako abusa anafunsa funso limene sindinaliyembekeze.

"Kubwinjako kunafera mbuzi, ng'ombe, agalu, nyama za kuthengo. Zonse zasakanikirana. Adzatisiyanitsira ndani?"

Maso onse anatembenukira kwa ine. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinati, "Mafupa a nyama ndinawaphunzira. Limene si la nyama ndidzalidziwa."

Kubwinja

Tinapita m'mawa, ng'oma ya Ziyoni ili patsogolo. Tinawoloka mtsinje n'kulowa m'malo amene anthuwo anali asanapondemo chichokereni. Mitengo ya mango inali itakula mosadulidwa, ndipo pena paliponse pankaoneka mafuwa atatu ali chikhalire, kusonyeza pamene panali khitchini ya munthu. Amayi ankaima n'kuloza, "Apa panali pathu." Ine ndinakhala pamwala pakati pa bwinjalo. Kumanzere kwanga anayala mphasa, kumanja anayala nsalu yoyera ya kutchalitchi. Anthu anamwazikana m'tchire, ndipo aliyense akapeza fupa ankabwera nalo kwa ine ndi manja awiri.

Ana anga, ndagwira ntchito zonyansa zambiri. Ndalowetsa mkono m'mimba mwa ng'ombe, ndatumbula zowola. Koma palibe tsiku limene linandilemera ngati limenelo. Ndinkatenga fupa, kulitembenuza, n'kunena mokweza kuti onse amve. "Ili ndi la mbuzi." Pamphasa. "Ili ndi la nguluwe." Pamphasa. Ndipo nthawi zina ndinkangoti, "Ikani pansalu," ng'oma n'kusiya kulira, abusa n'kuyambitsa nyimbo motsitsa. Pamphasa panadzaza mulu waukulu. Pansalu panali pochepa, koma ndi pamene aliyense ankayang'ana.

Dzuwa litafika pamutu, a Naphiri anabwera. Iwo sanatole m'tchire. Anamasula kansalu kamene anamanga m'chiuno, n'kutulutsa fupa lija analanda m'kamwa mwa Tabwera. Analisunga masiku onsewo padenga la khola. Anagwada n'kundipatsa.

"A Tekiniko, ili n'la chiyani?"

Anthu anasiya kutola n'kuyandikira. Aliyense ankadziwa chimene funsolo linanyamula. Ndikanati ndi la mbawala, Tabwera akanayera pomwepo, ndipo panalibe munthu pamudzipo woti anganditsutse. Mawuwo anafika mpaka pammero. Ndinalitembenuza fupalo, ndinalipukuta, ndinaliyang'ana kudzuwa. Linali lalitali ngati chikhatho, ndipo nsonga zonse ziwiri, zimene zimauza munthu mwini fupa, ng'ombe inali itazitafuna n'kuzimaliza. Likanatha kukhala la mwendo wa nyama. Likanathanso kukhala la mkono wa munthu. Ndinaganiza kuti anthuwa andikhulupirira m'mawa wonse pa abale awo, ndipo ndikanama pa limodzi ndiye kuti ndanama pa onse.

"Mayi, sindikudziwa," ndinatero. "Latafunidwa kwambiri. Sindingakuuzeni kuti ndi la nyama, sindingakuuzeninso kuti ndi la munthu."

Wina kumbuyo anati, "Mwamva? Ngakhale iwo akukayika." Mumtima ndinati ng'ombe ija ndaipha ndi pakamwa panga. A Naphiri analandira fupalo, anaimirira, n'kudutsa mphasa ija osaiyang'ana. Analiika pansalu yoyera. Kenako anatembenukira kwa anthu, ndipo mayi amene ndinkamudziwa ngati wofatsa anayankhula ndi mawu amene anamveka mpaka kumtsinje.

"Ngati ndi a Banda, ndi a Banda. Inu nonse mukuwadziwa. Ndani ankadzuka ng'ombe zanu zikaonda n'kupita nazo kumchere? Inu a Zulu, ng'ombe zanu sizinapite nawo? Inu abusa? Munthu uja sakanagona tulo ng'ombe ili ndi njala. Ngati Tabwera anawapeza, ndiye kuti anapita kwa mwini ntchito. Amuna anga ndiwaika lero, koma ng'ombe yanga sindipha."

 Abusa anawerama, anapinda nsalu ija ndi manja awo, n'kuinyamula pachifuwa ngati khanda. Madzulo a tsikulo tinakumba manda amodzi pansi pa mtengo wa mango wa pabwinjapo, ndipo mudzi unalira maliro amene unawasunga zaka zonse za ku Zambia. Inenso ndinalira, ngakhale ndinalibe m'bale pamenepo.

Mpaka mitambo itasonkhana

Ntchito yeniyeni inayamba m'mawa mwake. Mafupa a pamphasa aja tinawaotcha m'dzenje ndi nkhuni zambiri mpaka anayera mbuu, poizoni yense atapsa. Atatero anafunika kusinjidwa, ndipo apa amayi anakana kwamtuwagalu kubwereketsa mitondo yawo. Sindinawadzudzule. Ndinapeza mtondo wakale wong'ambika kuseri kwa nkhokwe, n'kuyamba kusinja ndekha. Mudzi wonse unabwera kudzaonera mwamuna wa boma akusinja. Amayi ankandiimbira nyimbo za pamtondo n'kumagwa ndi phwete, ati chiuno changa n'chouma ngati mpini. Tsiku lachiwiri a Naphiri anandilanda munsi n'kuyamba kusinja okha.

Ufa wa mafupawo tinausakaniza ndi mchere, gaga ndi dothi la pachulu, n'kuumba zigumu zouma zoti ng'ombe zizinyambita m'mwadiya, chodyeramo chosema pamtengo. Mchere ndinkakautenga ndekha ku Cassacatiza panjinga, ndipo ulendo wina tayala linaphulika ndinakankha njira yonse. Gaga ndiye anali wovuta, chifukwa ena ankamufuna wophikira kachasu. Apa abusa anandithandiza mokondwa kwambiri. Analalikira Lamulungu kuti gaga wopita kukhola ndi wodalitsika kuposa wopita m'mbiya, ndipo kwa nthawi yoyamba boma ndi Ziyoni tinaimba nyimbo imodzi.

Kenako ndinalimbana ndi moto. Ndinayenda munda ndi munda kupempha kuti mapesi otsala asatenthedwe, koma adulidwe n'kusanjikidwa pathandala, pamthunzi, pamodzi ndi masangwi a mtedza ndi makoko a nyemba. Osaka mbewa anadana nane. Ankati ndabwera kudzawalanda ndiwo chifukwa cha ng'ombe za eni. Ndikamadutsa ankakuwa kuti, "Uyo Senyoro Mapesi!" Ine ndinkangovula chipewa n'kuwapatsa moni. Manyowa a m'khola ndinawauza kuti azibwerera kumunda, pakuti nthaka imene ukungoitapa osaibwezera imatha ngati nkhokwe.

Zinthu sizinayende mosalala. Patapita masiku, ng'ombe yolima ya abusa eniakewo inagwa, lilime panja, n'kufa. Anthu anayamba kundiyang'ana cham'mbali. Ndinapita kwa abusa, ndipo ndinawapeza akukumba dzenje lokwiriramo ng'ombeyo.

"Inali itadya kale mafupa tisanawatole," ndinatero.

Anapukuta thukuta n'kundipatsa khasu. "Ndikudziwa. Kumbani, a Tekiniko. Tikwirire mozama, zinzake zingadzaipeze."

Imfa imeneyo ndinawauzanso a Shefi, ngakhale ndinadziwa kuti ndikunola mpeni wondichekera ndekha. 

A Shefi anabwera m'mawa wina mitambo itayamba kuda kum'mawa, pagalimoto, wapolisi ali kumbuyo ndi mfuti. Anatsika, anati "muli bwanji" kwa mudzi wonse, kenako anatembenukira kwa ine n'kumaliza Chinyanja chawo: "Fulumirani." Anali atabwera ndi mafupa awoawo m'thumba, ouma, ochokera kophera nyama ku likulu, kuti ndisawapusitse. Anawamwaza okha panjira yotulukira m'khola lalikulu mmene tinasonkhanitsa ng'ombe zonse. Mwadiya wa zigumu uja unali patsogolo pang'ono, pansi pa mtengo.

Tinatsekula. Ng'ombe zinatuluka zikukankhana, zinaponda mafupa aja n'kupitirira. Ndinkaziwerenga mumtima ngati munthu wopemphera. Tabwera anatuluka pomalizira, monga mwa khalidwe lake. Atafika pa fupa lalikulu anaima. Anatsitsa mutu. Analinunkhiza uku ndi uku, mpweya wake ukuulutsa fumbi. Ndinamva wapolisi akusuntha mfuti paphewa, ndipo a Naphiri anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa. Ng'ombe ija inakankha fupalo ndi mphuno, inadzutsa mutu, inatiyang'ana tonse ngati ikudabwa kuti tasonkhaniranji, n'kunyamuka ulendo wa kumwadiya.

A Shefi anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Anauza wapolisi kuti akadikire kugalimoto. Kenako anapita pamwadiya, anatola chigumu chimodzi, anachinunkhiza, n'kundifunsa kuti ndinaikamo chiyani. Sanapepese, ndipo ine sindinayembekeze kuti apepese. Koma chigumucho anapita nacho.

Galimoto isananyamuke, a Naphiri anatenga chikho n'kukhala pansi pa Tabwera. Anakama mudzi wonse ukuyang'ana. Kwa miyezi mkaka umenewo unkathera m'dothi. Ananyamuka nacho chikhocho, anadutsa ana awo amene anali atatambasula kale manja, n'kukagwada pamaso pa abusa. Abusa anachiyang'ana, anayang'ana tsidya la mtsinje kumene kunali manda aja, anapemphera mawu ochepa, n'kumwa. Thovu linatsalira pandevu. Anati, "Mkaka ndi mkaka. Apatseni ana."

Mualadzi, ndi zaka zotsatira

Patapita zaka anandisamutsira ku Mualadzi, kumene inu ambiri munakulira. Kumeneko kunalibe bwinja lotere, koma njala ya mchere inali yomweyo, chifukwa chimanga chikamalimidwa pamalo amodzi chaka ndi chaka nthaka imatopa, ndipo ng'ombe ndiyo imayamba kuulula. Ndinayenda ndi uthenga womwewo mpaka njinga zingapo zinandithera pansi. Dzina lija linafika ku Mualadzi ine ndisanafike. Mashefi anasinthasintha, ena abwino, ena ongokonda mipando. Masiku ano m'masitolo muli zigumu zogula za ng'ombe, ndipo anyamata a ntchito yathu amayenda pa mota, njinga zamoto zija, foni m'thumba. Zotsatira za thumba langa la dothi ndikuzidikirabe.

Chaka chimene ndinapuma ntchito ndinapempha Jasinto kuti andiperekeze ku Kamphinda. Njira ya kudambo lamchere inatsekulidwa kalekale, ndipo pafupifupi khomo lililonse lili ndi thandala la mapesi. Abusa a Mwale anatisiya. Tabwera nayenso anafa ndi ukalamba, koma m'khola la a Naphiri ndinapezamo ng'ombe zofiira zambiri, zonse za mphumi yake.

Mwini wake sanali pakhomo. Anthu a pakhomopo anatiuza kuti ali tsidya la mtsinje, kubwinja kuja. Tinawapeza pansi pa mtengo wa mango uja, atawerama ndi ukalamba, akusesa manda opanda dzina ndi tsache la manja. Anandizindikira ndisanayankhule, ndipo anaseka ndi m'kamwa mopanda mano. "Senyoro Mapesi! Chiuno chija chinafewa?"

Tinakhala pansi n'kucheza za amoyo ndi akufa. Kenako ndinawauza chimene chinkandivuta zaka zonsezo. Ndinati, "Mayi, tsiku lija ndikanangoti ndi la mbawala. Ndikanakupeputsirani katundu. Ndinakuikani pamoto pamaso pa mudzi wonse."

A Naphiri anatola tsache lawo n'kuchotsa tsamba limene linali litangogwera pamandapo.

"A Tekiniko," anatero, "mukananditero, bwenzi zaka zonsezi ndikusesa kuti?"